Thumba Lokana Cholembera

"Tayesani inuyo, achemwali, mwina dzanja langali ndi limene latupa," anatero kondakitala uja, atatukula chifuwa pakati pa shopu ngati msilikali wodikira mendulo.

Makina osokera onse anali atakhala chete. Atelala anatembenuka pamipando yawo, wina mapini ali kukamwa. Namivi analandira cholembera n'kuchilowetsa m'thumba la shati yatsopano imene kondakitalayo anavala. Chinalowa kamutu kokha, n'kuima. Anakankha. Chinakana.

"Mwaonatu," anatero kondakitala. "Thumba lili ndi pakamwa koma lilibe mimba. Matikiti ndiziika pati? Foni ndiziika pati? Anzanga ku depoti andituma ndidzafunse ngati mashatiwa munasokera anthu kapena zidole za pawindo la sitolo."

Shatiyo payokha inalibe mlandu. Inali yabuluu, kolala yowongoka, misoko yoyenda ngati njanji. Pakati penipeni pa thumba panali baji ya kampani ya mabasi, yopetedwa ndi ulusi wachikasu. Namivi anapempha bamboyo kuti amasule mabatani awiri, n'kusuzumira m'kati. Ulusi wa bajiyo unali utaboola thumba ndi nsalu ya pachifuwa yomwe, n'kuzimanga pamodzi ngati ukwati wa kutchalitchi.

"Ndi yanu yokhayi?"

"Yanga yokha? Makatoni onse amene anafika aja. Kuyambira mnzathu woonda ngati ndodo mpaka ine ndemwe."

Amayi ake a Namivi, eni shopuyo, anali pamakina awo akale pafupi ndi windo, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Anangodula ulusi ndi mano, ndipo kaphokoso kameneko kanamveka shopu yonse.

Yunifolomu ya makondakitala inkadutsa m'nyumba zitatu. Kampani ya mabasi inkaoda. Shopu ya amayiwa inkadula ndi kusoka. Baji ndiye inkapetedwa kutsidya kwa tauni, kwa bambo amene aliyense ankangowatchula kuti a Mabaji. Popeza bajiyo inkakhala pamkono wa shati, amayi ankadula mikono yokhayokha n'kuitumiza kumeneko, kenako n'kukhala pansi kudikira. Mikono inkabwera mochedwa, ina itasowa, ya anthu onenepa itasakanikirana ndi ya anthu oonda. Akailongosola m'pamene ankalumikiza mashati, kuwasita, n'kukawapereka ku depoti.

Namivi atabwerako ku yunivesite anajambula ulendo wonsewo pabolodi, mabokosi ndi mivi yoloza uku ndi uko, ndipo atelala anam'patsa dzina loti Namivi tsiku lomwelo. Kenako anafufuta theka la miviyo. Njira yake inali yachidule: shati isokedwe yonse, ipite kamodzi kwa a Mabaji, apete pamkono, asite, akapereke okha ku depoti popeza ndi koyandikana nawo. A Mabaji anavomera ndi manja awiri. Amayi analiyang'ana bolodilo nthawi yaitali.

"Oda ikubwerayi ndi yako," anati. "Ikayenda, shopu ino ndikusiyira, maso anga atopa. Ikakanika, ufufute zojambula zakozi ukafune ntchito ya mu ofesi, ine ndipitirize mmene ndakhala ndikuchitira iwe usanamere mano."

Oda yakeyo ndi imene inaima pakati pa shopu tsopano, mabatani awiri ali omasula.

"Koma baji ikufuna chiyani pathumba?" anafunsa Namivi. "Malo ake ndi pamkono."

"Zimenezo kafunseni akuluakulu," anatero kondakitala akumanga mabatani. "Ife timangovala."

Masana a tsiku lomwelo anakumana atatu mu ofesi ya a Manijala, amene ankayang'anira zogulagula ku kampani ya mabasi. Kunja kwa windo kunali mabasi atsopano atandandalikidwa, mipando ikadali m'mapulasitiki. Ankayenera kuyamba kuyenda sabata yotsatira, pamaso pa eni kampani, makondakitala onse ali mu yunifolomu yatsopano. Patebulo anagonekapo shati imodzi ngati mtembo wofunika kufufuza chimene chaupha.

A Manijala ndi amene anayamba. Anali munthu wa tayi, woyankhula akuwongola mapepala owongoka kale.

"Ine mbali yanga ndi yoyera. Eni kampani anagula malamba onyezimira oti makondakitala azivala pamkono, magalimoto aziwaona pamsewu. Lambayo akuphimba baji. Ndiye ndinati baji isamukire pachifuwa, pathumba, pamene wokwera aliyense angaione. Ndinalakwa?"

"Simunalakwe," anatero Namivi. "Koma munauza ndani?"

"Mwini baji. Dzino likamapweteka, madamu, mumapita kwa dokotala wa maso?"

A Mabaji, bambo wamfupi wadazi, tepi yoyezera ili m'khosi ngakhale kuti sankayeza munthu, anakweza manja onse awiri.

"Ine ndinafunsa. Mulungu ndi mboni. Ndinati, bwana, pathumba penipeni? Anati penipeni. Ndinati mumtima, a Namivi ndi ophunzira, nkhaniyi akuidziwa, mwina masiku ano matumba ndi okongoletsera chabe ngati mabatani a pamkono wa jekete."

"Simunalowetsemo chala ngakhale m'shati imodzi?"

"Mwana wanga, kale chidutswa chilichonse chinkadutsa m'manja mwangamu. Pano ndinagula makina a mitu yambiri, opeta mashati mzere wonse nthawi imodzi. Akachoka pamenepo apita kusimbi, akachoka kusimbi alowa m'pulasitiki. Inu nomwe munkadandaula kuti ndimachedwa. Ulendo uno ndachedwa?"

"Simunachedwe."

"Ndiye?"

"Ndiye mwatseka matumba onse mofulumira kwambiri."

A Manijala anatembenukira kwa Namivi. "Nanga inu? Kale zopetedwa zinkabwerera kwanu zisanafike kuno. Bwanji simunaone?"

"Ulendo umenewo ndinauchotsa ndine. Unkataya nthawi."

"Munalakwa?" anafunsa a Mabaji, maso akuseka.

"Baji ikanakhala pamkono, sindikanalakwa."

Onse atatu anayang'ana shati ija patebulo. Chimene chinkamunyansa Namivi n'chakuti mbali ina ya mutu wake inkasangalala. Kuyambira ali mwana ankakonda mafunso ooneka ngati alibe khomo, ndipo ili linali lokongola: anthu atatu, aliyense wakonza bwino mbali yake, palibe waba, palibe wagona pantchito, koma chotulukapo chake n'thumba losalowa chala. Kukanakhala kuti shopu ya amayi ake sinali pakati pake, akanaomba m'manja.

"Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma," anatero a Manijala pomaliza. "Eni kampani safuna kumva za anthu atatu olungama. Akufuna dzina limodzi. Oda ndinapereka kwa inu, madamu, ndipo ndinaoda mashati okhala ndi matumba. Mabasi awo akamadzuka, makondakitala anga akhale ndi poika matikiti. Apo ayi, pali fakitale ina imene yakhala ikundiimbira chaka chonse."

A Mabaji anayang'ana kudenga, kumene kunalibe chilichonse choyang'ana.

Namivi anabwerera pabasi, katoni ya mashati ili pamiyendo. Kondakitala wa basi imeneyo anali atavala kale shati yatsopano. Matikiti analuma kukamwa, cholembera anapanira kukhutu, koma akang'amba tikiti iliyonse dzanja lake linkathamangirabe pachifuwa kumanzere, n'kugunda baji, n'kubwerera ngati mlendo wopeza nyumba yokhoma. Mayi wina wokwera anamufunsa ngati mtima ukumupweteka.

Ku shopu amayi anasolola shati imodzi m'katonimo, anatenga lezala n'kuyamba kumasula baji. Anagwira mwaluso, ulusi umodziumodzi, atelala atawazungulira. Baji itachoka anaikweza nsaluyo kuwindo. Dzuwa linadutsa ngati m'sefa.

"Madzi akatayika saoleka," anatero amayi.

Telala wina anati bwanji asoke thumba lina kumanja. Anakafufuza m'mashelefu. Nsalu yabuluu imeneyo inali itatsala yongokwana matumba ochepa. Anaimba foni kusitolo kumene ankagula, ndipo kumeneko inali itatha. Imene inalipo inali yabuluu wamtundu wina, woti ukauika pafupi ndi woyambawo zinkaoneka ngati ana a bambo osiyana. Pa chifukwa chomwecho, za kusoka mashati ena panalibe wozitchula n'komwe.

"Mashatiwa akanabwerera kuno kudzasitidwa, ndikanaona ine pa katoni yoyamba," anatero amayi, motsitsa mawu, koma osati motsitsa moti atelala asamve.

"Zoona, amayi."

"Usandivomereze msanga, sindinathe. Mawa ndivala bwino ndipite ku depoti ndekha. Ndikapepesa, ndikalonjeza kuti tabwerera ku njira yakale. Bambo ako atamwalira ndinakulera ndi njira imeneyo. Yunivesite imene unakaphunzirako kufufuta mivi unapita ndi njira imeneyo."

"Njira yakaleyo kulibenso, amayi. Baji yachoka pamkono. Makina a a Mabaji ndi ena. Mukabwerera kumeneko mukapeza nyumba itasamuka."

"Ndiye tigone panjira?"

"Ndipatseni mpaka mawa masana."

Amayi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndakupatsa. Mawu angawa agonere, mawa akoma."

M'mawa mwake Namivi sanapite pabolodi. Anakhala patebulo lodulirapo nsalu, shati ili patsogolo pake, n'kumaitembenuza ngati munthu wogula nsomba. Baji singachoke. Nsalu yabuluu palibe. Dzanja la kondakitala linazolowera kumanzere, ndipo lizipitabe kumeneko. Analowetsa zala pakamwa pa thumba. Pakati pa mlomo wa thumbalo ndi pamene baji inayambira panali kampata kakang'ono kamene ulusi sunafikepo.

Anaitembenuza shatiyo, kunja kukhala m'kati, n'kuyang'ana malo omwewo chakuseri. Anaibweza. Anaitembenuzanso. Kenako anaseka yekha.

"Yayamba," telala wina ananong'oneza mnzake. "Sukulu ikachuluka imatulukira kumeneko."

"Amayi," anaitana Namivi, "khomo lilipo. Chimene palibe ndi chipinda. Chipindacho tikachimange kuseri."

Anafotokoza akujambula ndi choko pansalupo. Ang'ambe nsalu ya pachifuwa mopingasa, m'kati mwa thumba, pamwamba pa baji, pamalo osaoneka kunja. Kuseri kwake alendewetse kathumba kena, m'kati mwa shati. Dzanja lizilowa pakamwa pomwe paja, lizidutsa pong'ambapo, n'kutsikira kuseri kwa baji. Ndipo popeza kathumbako sikazioneka, nsalu iliyonse ikhoza kugwira ntchito, ngakhale zidutswa zimene zinadzaza masaka pansi pa tebulo.

Amayi anavula magalasi.

"Ung'ambe shati yothaitha? Dala? Ine chiyambire sindinalowetsepo sizasi m'malaya omalizidwa."

"Ndilowetsa ine."

Anang'ambadi. Koma Namivi ankadziwa kusoka monga mmene mwana wa abusa amadziwira nyimbo: zonse, koma osati bwino. Anakhala pamakina n'kuyamba kulumikiza kathumba. Msoko unayamba mowongoka, unakhota, nsalu inakwinyika pakona ngati nkhope ya munthu wolawa ndimu. Amayi anapirira msoko woyamba. Pa wachiwiri anayang'ana kumbali. Pa wachitatu anaimirira.

"Choka. Choka, usandiphere makina. Pong'amba sasiya pali yasa, amayamba apinda milomo yake. Apo ayi pakutha pa sabata pafika kukhwapa."

Anakhala pansi, anatenga shati ina, anaing'amba okha osatchulanso za chiyambire chawo. Anapinda milomo ya pong'ambapo ndi kansalu, anabwereza ulusi m'makona, n'kulendewetsa kathumba ka nsalu yamaluwamaluwa yotsala pa diresi ya munthu wina. Atatembenuza shatiyo, kunja sikunkaoneka kuti pachitika kanthu. Namivi analowetsa cholembera. Chinamira chonse.

Atelala anakuwa, wina mpaka kuimba mluzu. Amayi anangopukuta magalasi ndi mpendero wa bulauzi.

"Maganizo ndi abwino," anati. "Manja ndi amene unaiwala m'mimba mwanga."

Namivi sanapite nayo shatiyo ku depoti. Anaimbira a Manijala ndi a Mabaji kuti abwere ku shopu, ndi kondakitala yemwe uja. A Manijala anali asanapondemo m'shopumo chiyambire ntchito yawo. Anayenda cham'mbali pakati pa makina, atagwira tayi kuti isakodwe.

Kondakitala anavala shatiyo. Analowetsa cholembera, kenako buku la matikiti, kenako foni. Anadumphadumpha. Anawerama ngati akunyamula katundu wa wokwera. Palibe chinagwa.

"Iyi ndiye nkhani," anati. "Ndipo baji yasiya kundikanda pachifuwa. Koma maluwawa, amayi, akazi anga akawaona pochapa ndikanena kuti chiyani?"

"Mukanene kuti anakupatsani ndi mayi wamagalasi, wopanda mano awiri," anatero amayi. "Akagona tulo."

A Manijala anaitembenuza shatiyo uku ndi uku, analowetsamo dzanja, analitulutsa, analilowetsanso. "Onse atha mabasi asanadzuke?"

"Atha, a Mabaji akatibwereka galimoto yawo ndi anthu awo osita," anatero Namivi. "Koma ndili ndi mawu amodzi, ndipo popanda amenewo sindilowetsa sizasi m'shati ina."

A Manijala anakweza nsidze. Sanazolowere kuti munthu amene dzulo lake mpeni unali pakhosi pake aziika malamulo. Amayi nawonso anamuyang'ana mwana wawo cham'mbali.

"Tonse atatu tipitiriza kusintha zinthu," anatero Namivi. "Kwanu eni kampani adzagulanso china. A Mabaji adzagulanso makina. Ine ndidzajambulanso. Sindikuletsa munthu, ndipo sindikukhulupirira kuti tizikumbuka kuuzana zonse, chifukwa aliyense amaona ngati wasintha za m'nyumba mwake mokha. Ndiye pa oda iliyonse, shati imodzi iziyamba yayenda yokha ulendo wonse. Isokedwe kuno, ipetedwe uko, ivalidwe ndi kondakitala tsiku lathunthu m'basi. Ikabwerako yamoyo, zinzake zitsatire."

"Tsiku lathunthu? Mukudziwa kuchedwa kwake?"

"Ndikudziwa. Kufulumira kwa ulendo uno mwakuona?"

A Mabaji anaseka mpaka dazi linachita thukuta. "Safunsa anadya phula, bwana. Ife tadya atatu, mbale imodzi."

"Nanga eni kampani ndikawauze kuti walakwa ndani?"

"Kawaonetseni thumba," anatero Namivi. "Akafunabe dzina, mukatchule shopu ino. Koma mukatchulenso kuti wakonza ndani."

A Manijala anayang'ana kondakitala wawo, amene ankalowetsa ndi kutulutsa foni ngati mwana wopatsidwa choseweretsa. Anawongola tayi, n'kugwedeza mutu movomera.

Masiku otsatirawo shopu inalira ngati chigayo. Galimoto ya a Mabaji inkatuta makatoni ku depoti, anthu awo osita anaima m'khonde ndi masimbi awo, amayi ankayenda kumbuyo kwa telala aliyense akuloza makona. Masaka a zidutswa anaphwa kwa nthawi yoyamba chitsegulire shopu. Mabasi atsopano anadzuka pa tsiku lake, makondakitala onse ali buluu kunja, m'kati wina maluwa, wina mizeremizere, wina nsalu ya makatani.

Za kumusiyira shopu amayi sananene kanthu. Ankafika m'mawa monga kale, n'kumapereka malamulo monga kale. Namivi anadikira sabata, anadikira mwezi. Tsiku lina pa tiyi anayesa kuyambitsa nkhaniyo.

"Amayi, oda ija inayenda."

"Inayenda chotsimphina," anatero amayi. "Tandipatsira shuga."

Funso limeneli Namivi analephera kulipezera khomo.

Oda yachiwiri inabwera ndi nkhani yake. Makondakitala sankafunanso thumba wamba. Ankati opisa m'matumba m'basi yodzaza akalowetsa zala amagunda baji, n'kuganiza kuti mulibe kanthu. Cholakwa chija tsopano chinali choti chizichitidwa dala.

Namivi anabwerera pabolodi. Anaona msanga kuti n'kupusa kutumiza shati kwa a Mabaji, ibwerere kudzaikidwa kathumba, kenako ipitenso. Kathumba kaikidwiretu posoka, ulendo ukhale umodzi. Zinali zoonekeratu moti sanaone chifukwa chouzira munthu. Atelala anasoka, makatoni anadzaza. Galimoto ya a Mabaji inafika pakhomo, ndipo nthawi yomweyo a Manijala anaimba foni.

"Madamu, ulendo uno palibe chasintha. Baji ndi yomweyo, malo ndi omwewo. Tumizani onse. Yoyesa ija tiipumitse kamodzi kokha."

Dalaivala anali atatsegula kale kumbuyo kwa galimoto. Namivi anayang'ana makatoniwo. Nayenso sankaona choopa. Zonse anali ataziganiza, ndipo pabolodi zinkaoneka zoyera. Amayi anali pamakina awo, osasoka, osayang'ana.

"Ipita imodzi, bwana," anatero Namivi.

"Madamu..."

"Imodzi."

Anasolola shati pamwamba pa katoni n'kupatsa dalaivala. Galimoto yonse ija inanyamuka ndi shati imodzi pampando wakutsogolo ngati mkwatibwi.

Mawa lake a Mabaji anabwera okha, shatiyo ili pa hang'ala, nkhope ikuwala ngati ya munthu wobwera ndi uthenga wa mwana wobadwa. Sanapereke moni. Anatulutsa cholembera n'kuchipereka kwa Namivi ndi manja awiri.

Namivi anachilowetsa m'thumba, chinadutsa pong'amba paja, n'kuima. Singano za a Mabaji zinali zitaboola thumba, chifuwa, ndi kathumba ka kuseri komwe, zonse pamodzi.

"Sinafike n'komwe kwa kondakitala," anatero a Mabaji mokoma mtima kwambiri. "Ndinalowetsamo chala. Masiku ano ndimalowetsa chala."

"Kathumbako mukanakakweza m'mwamba musanapete."

"Mukanandiuza kuti kalimo, mwana wanga. Ulendo watha mashati anabwera opanda kathumba. Anthu anga amayala shati pamakina, sayang'ana za m'kati mwa eni ake."

Atelala anaweramira pansalu zawo, makutu okha ali tcheru. Namivi anayang'ana shatiyo, anayang'ana makatoni odzaza amene sanapite, kenako bolodi lake. Kuseka kunamuyambira m'mimba. Anaseka mpaka anagwira tebulo.

"Msampha wakola mwini wake," anati akupukuta misozi. "Chabwino. Tsegulani makatoni. Kathumba kalikonse kakwezedwe m'mwamba, kamangidwe ndi pini pakolala. A Mabaji, anthu anu akamaliza kupeta azichotsa pini n'kukatsitsa. A Manijala ndiwaimbira ndekha, ndiwauze kuti ulendo uno wosintha zinthu mwakachetechete ndine. Ndipo lero ipitenso imodzi."

"Imodzinso?"

"Imodzinso. Mapiniwo ndi chinthu chatsopano."

Makatoni anatsegulidwa, mashati anayalidwa patebulo, kabokosi ka mapini kanayamba kuyenda dzanja ndi dzanja. Amayi anamaliza msoko umene anali nawo. Anaphimba makina awo ndi nsalu ngakhale kuti dzuwa linali likadali pamutu, anatenga chikwama, n'kuyenda mpaka patebulo pamene mwana wawo anaima, mapini ali kukamwa. Anadikira mpaka atawaona.

"Abwana," anatero, mokweza moti shopu yonse inamva, "ndimapempha kuti mawa ndisabwere."

Namivi anatsala pang'ono kumeza pini. "Mwadwala, amayi?"

"Ayi. Ndikufuna ndikakwere basi. Ndikakhale kumbuyo, ndizikaona mashati athu akugwira ntchito."

Namivi anachotsa mapini kukamwa, imodziimodzi, n'kuwaika patebulo. Atelala onse anali atasiya zimene ankachita. A Mabaji anavula tepi m'khosi osadziwa chifukwa chake.

"Pitani," anatero Namivi. "Koma mkuja mufike msanga. Makona aja palibe wina amawatha."

"Tiona," anatero amayi, n'kutuluka.